Pempho la malangizo pa kasamalidwe ka nkhalango ya m'mudzi

Ndikupempha nzeru kwa inu amene muli ndi luso losamalira mitengo yachilengedwe. M'mudzi mwathu muno m'boma la Lilongwe, kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama, tili ndi kankhalango komwe ootcha makala anakagwetsa kwambiri, koma chiletsereni kudula, zitsa za mombo, tsamba, muwanga ndi msuku zaphukiranso.

Vuto lake ndi lakuti chitsa chilichonse chatulutsa mphukira zambiri zomwe zikulimbirana dzuwa, mwakuti zonse ndi zonyozoloka. Kodi tisiye mphukira zingati pa chitsa chimodzi, ndipo tipatulire mwezi uti kuti mabala apole msanga?

Nkhani imene yatigawanitsa m'komiti ndi ya moto. Ena akuti titenthe tokha mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, kuti moto wa osaka mbewa wa mu Okutobala usadzapeze chonyeketsa, pamene ena akuti tingolambula m'malire osatentha konse. Ine ndikuopa kuti ngakhale moto wofatsawo ungaphe mphukira zomwe sizinafike m'chiuno, ndipo ndikufuna kumva kwa amene anayesapo njira ziwirizi.

Palinso ofuna kubzala bulugamu m'mipata. Ine sindikugwirizana nazo, chifukwa bowa amene amayi amazula nthawi ya dzinja amadalira mizu ya mombo ndi msuku, ndiponso pansi pa bulugamu sipamera zambiri. Kodi mbewu za mlombwa tingazifese bwanji kuti zimere bwino, ndipo mbuzi tiziletse kulowamo kwa zaka zingati?