Mageti, mipanda ndi masitepe achitsulo: tizipente pano kapena tidikire?

aMwale (Leeds): Mwaswera bwanji akuluakulu? Funso langa likupita kwa inu ogwira zitsulo. Geti la mapaipi a folokona, mpanda wa m'mbali mwa msewu ndi masitepe akunja, zonse zayamba dzimbiri m'munsi, ndipo tili kale mu Okutobala, nyengo yozizira ya kuno ku UK yayandikira. Zipentedwe panopa kapena zidikire Epulo?

aPhiri (Aberdeen): Achimwene, penti ibwere pambuyo. Yambani ndi madzi amene ali m'kati mwa mapaipiwo. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, ndiye paipi ya folokona imayamba kutupa m'mbali, kenako imang'ambika pamsoko. Boolani bowo la mamilimita 8 kapena 10 pamalo otsikitsitsa a paipi iliyonse, pamwamba pang'ono pa konkire, m'mphepete mwa bowolo mupakemo penti ya zinki. Mzati uliwonse ukhale ndi chivundikiro pamwamba. Madzi akatuluka ofiirira, dziwani kuti m'katimo mwayamba kale kudyeka.

Anambewe (Glasgow): Ndionjezerepo pa mpandawo. Chimene chikuudya ndi mchere umene amathira m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, matayala amauwazira pachitsulo. Musanagwire burashi, tsukani ndi madzi oyera ambiri, chiume. Mukangoyamba kukwecha musanatsuke, mcherewo mumaukankhira m'timaenje ta dzimbiri, ndipo penti yatsopano imatuluka matuza miyezi ingapo isanathe. Nyengo yozizira yonse muzitsukako kamodzi pa masabata awiri kapena atatu, tsiku limene sikukuundana.

aMwale (Leeds): Zikomo achemwali. Nanga kupentako?

aPhiri (Aberdeen): Pentani zigamba zokha, ntchito yonse idikire. Vuto ndi mame amene maso saona. Chitsulo chikhale chofunda ndi madigiri 3 kuposa dew point (mulingo wa kuzizira umene mame amayamba kupangika), chinyezi cha mumpweya chisapose 85 peresenti. Dew point imapezeka pa foni pa zanyengo, chitsulo mumayeza ndi thermometer ya infrared, yoyeza kutentha osakhudza chinthucho. Nthawi yabwino ndi 10 koloko mpaka 2 koloko, chifukwa madzulo mame amagwa penti isanaume. Penti ya epoxy wamba imachedwa kulimba pansi pa madigiri 10, pansi pa 5 imangokhala nyatanyata. Ulipo mtundu wa nyengo yozizira, koma werengani pepala la pentiyo, musangomvera wogulitsa.

Chigamba chake ndi ichi: kwechani ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chiyambe kuwala, penti yakale ya m'mphepete muisalaze ndi sandipepa mpaka masentimita 5 kuti pasakhale mlomo, pukutani mafuta, kenako primer (penti yoyamba, ya pansi) kawiri ndi penti ya pamwamba kawiri. M'makona ndi mowotcherera mudutsemo ndi kaburashi poyamba, chifukwa penti imapyapyala pamenepo.

aNkhoma (Newcastle): Funsani kaye ngati chitsulocho ndi cha galvanised, kutanthauza chokutidwa ndi zinki, aMwale. Ngati ndi chotero, galainda ayi, mungachotse zinki amene akuchiteteza. Pachitsulo chokhuthala kuposa mamilimita 6 zinkiyo amakhala pafupifupi ma micron 85 basi (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi). Komanso penti wamba wa gloss sagwira pa zinki, amasendeka. Pamafunika T-wash kaye (mankhwala a asidi othandiza penti kugwira pa zinki), imene imadetsa chitsulo ikagwira, kapena etch primer, imene ndi primer yokhala ndi asidi. Mabawuti akhalenso a galvanised. Bawuti ya stainless ikakhudzana ndi zinki pamalo onyowa ndi mchere, zinki wa mozungulira amadyeka msanga, pokhapokha mutaikapo washa ya nayiloni.

Anambewe (Glasgow): Mpanda ukakhala wakalekale, penti ya pansi ikhoza kukhala ya lead (mtovu, umene ndi poizoni), popeza kuno anailetsa kugulitsa kwa anthu wamba mu 1992. Osakwecha pouma, osaotcha. Sandipepa yonyowetsa, masiki yosefa fumbi ya mtundu wa FFP3, ndipo zovala zantchito zisalowe m'nyumba muli ana. Chonde musapeputse zimenezi.

aBanda (Sheffield): Mahinjesi ndi loko ingothiranimo mafuta opopera a WD-40, zatha.

aPhiri (Aberdeen): Pamenepo ndikutsutsani pang'ono, akulu. WD-40 amathandiza kuchotsa madzi ndi kumasula pogwidwa, koma sakhalitsa, mvula imamutsuka. Mahinjesi amafuna girisi wa lithium kapena wa m'maboti. Kwezani geti pang'ono, pukutani pini, pakani, bwezerani. Mu loko muikemo ufa wa graphite (wakuda, ngati wa mu pensulo) kapena sipule youma yotereretsa ya PTFE, chifukwa mafuta amasonkhanitsa fumbi. Loko akaundana musamuthire madzi otentha, usiku womwewo aundana kuposa poyamba.

aBanda (Sheffield): Ndamva. Nanga masitepewo akaterera, si mchere womwewo timathira?

aNkhoma (Newcastle): Pachitsulo mchere ayi. Umatsikira pamene sitepe yakumana ndi chitsulo cha m'mbali, dzimbiri limakula pakatipo n'kukankha zitsulo mpaka bawuti kuduka. Thirani mchenga wouma, kapena CMA (mankhwala osungunula madzi oundana, osadya chitsulo ngati mchere) ngati abwana agula, ndipo fosholo ikhale ya pulasitiki kuti isakande penti. Njira yokhalitsa ndi kumanga zopondera zokhakhala za GRP (pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi) pa sitepe iliyonse. Muonenso masamba ounjikana m'makona, amasunga madzi mpaka Malichi.

Anambewe (Glasgow): Amene muli ndi shedi ya galimoto, sinoo yonyowa imalemera: masentimita 20 akhoza kufika makilogalamu 60 pa sikweya mita. Denga la mamita 5 kwa 3 ndiye kuti lasenza makilogalamu 900. Chotsani muli pansi ndi chokokera chachitali, mbali zonse mofanana, osakwera padenga.

aPhiri (Aberdeen): aMwale, musaiwale pamene mzati walowa m'nthaka. Dzimbiri limadya pomwepo, monga chiswe chimadulira nsichi. Fukulani masentimita 10, gogodani ndi hamala. Kukamveka ngwee, chili bwino, pakani penti ya phula ndipo konkire muipendeketse kuti madzi azithawa mzati. Kukamveka phwa kapena sikuludiraiva ikaboola, penti siithandiza. Zikachitika pa masitepe, atsekeni tsiku lomwelo ndipo muuze abwana polemba, chifukwa pakufunika wowotcherera ndi injiniya woti aone.

aMwale (Leeds): Mwandithandiza nonse. Loweruka ndiyamba ndi mabowo ndi hamalayo, ndikutumizirani zithunzi za m'munsi mwa masitepe.