Ochita lendi akuzula katundu potuluka, titani?

Wa ku Mpondasi:
Akuluakulu, nyumba za lendi kuno ku Mangochi zikutha. Munthu potuluka amazula mipopi, masoketi, maloko, ngakhale fani ya kudenga. Mwini nyumba adziteteze bwanji?

Amayi a ku Namwera:
Zonse zimayambira tsiku lopereka makiyi. Lembani katundu chipinda ndi chipinda: maloko angati, mipopi ndi yamtundu wanji, nambala ya batire ndi ya sola. Jambulani pafoni, musayine nonse awiri pamaso pa mboni, aliyense asunge pepala lake. Ambiri sasiya bowo ayi, amasinthanitsa: amachotsa mpopi wachitsulo wolimba n'kumangapo wapulasitiki wotchipa. Mukangolemba kuti "mpopi umodzi", umboni mulibe. Tengani dipoziti ya mwezi umodzi, ndipo mugwirizane polemba kuti muziyendera nyumbayo miyezi 3 iliyonse mutawadziwitsa.

Bambo a ku Monkey Bay:
Osaiwala madzi. Werengani mita ya Southern Region Water Board polowa ndi potuluka, apo ayi ngongole itsalira inu. Pa mita ya ESCOM onani ngati sanalumikize mawaya mozembetsa.

Wa pa Boma:
Achimwene, ngati waba kale, musalande katundu wake, musazule chitseko kapena malata, mlandu ungakutembenukireni. Pitani kupolisi ndi ndandanda ija pamodzi ndi zithunzi. Za ndalama yokonzera yambirani kwa amfumu, zikakanika kukhoti la majisitireti. Dipoziti musabweze musanayende naye nyumba yonse masana, magetsi atayatsidwa, mipopi itatsegulidwa.