Ndani angandiuze mtengo weniweni wa kandalama kagolide aka?

Moni nonse abale anga a kuno ku Harare. Ndathedwa nzeru, ndithandizeni chonde.

Malemu agogo anga aamuna, omwe anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi, anasiya kandalama kagolide atakakulunga m'kansalu pansi pa sutikesi yawo ku Mbare. Mbali ina kuli mutu wa mfumu George V, mbali inayo munthu wokwera hatchi akulimbana ndi chinjoka. Chaka ndi 1927, ndipo pansi pa hatchiyo pali timalemba SA, kusonyeza kuti kanasulidwa ku Pretoria.

Pa sikelo kakulemera pafupifupi magalamu 8, monga sovereign (dzina la ndalama yagolide ya ku Britain yamtunduwu) imayenera kukhalira. Maginito sakukagwira. Ndinapita kwa ogula golide awiri m'tauni: onse akungowerengera kulemera basi, ndipo wina amafuna kukapala kaye kuti athirepo asidi. Ndinakana, mtima unandiwawa. Ku banki anandiuza kuti iwo amangodziwa za ndalama zagolide za kuno ku Zimbabwe zotchedwa Mosi-oa-Tunya zija za 2022, zokhala ndi satifiketi.

Kodi ukale wake umawonjezera mtengo, kapena n'golide yekha? Nanga alipo akudziwa katswiri wodalirika woyesa popanda kukanda? Sindinakatsuke, ndikuopa kukaononga.