Mlamba ndi mbuna mu thanki imodzi, zitheka?

Wa ku Chibavi:
Abale ndithandizeni. Pabalaza panga pali thanki yagalasi ya malita 200, ndinaikamo mbuna 8, nsomba zing'onozing'ono zokongola za m'miyala ya m'nyanja ya Malawi zija, zimene ndinabwera nazo kuchokera ku Nkhata Bay chaka chatha. Mlamu wanga ali ndi damu la nsomba ku Ekwendeni, ndiye anandipatsa kamlamba kotalika ngati chala, akuti kazitola zotsalira pansi. Patha miyezi itatu, kakula kuposa chikhatho. Dzulo kuwerenga mbuna, zatsala 6, mtembo sindinauone. Kodi ndi iyeyu?

Msodzi wakale, Luwinga:
Achimwene, mukufunsanso? Mlamba sasiya mtembo. Amayenda usiku kufufuza ndi ndevu zake zija mbuna zili mtulo m'miyala, cholowa mkamwa chilichonse ndi ndiwo. Apatu sanayambe kukula, amatha kupitirira mita imodzi. Mumchotse lero mumuike m'chidebe, ndipo chidebecho muvindikire. Amapuma mpweya wapamtunda ameneyo, mudzampeza kukhitchini akadali moyo. Kampango musamuganizire n'komwe, khalidwe ndi lomwelo.

Mayi a ku Katoto:
Pepani bambo. Ngati mukufunabe nsomba ya ndevu, funani nkholokolo, m'mabuku amati Synodontis njassae. Ine ndili nazo ziwiri, chaka chachiwiri chino zikukhala ndi mbuna popanda maliro. Kwawo ndi ku nyanja komweko, choncho madzi ndi amodzi, ndipo sizipitirira masentimita 20. Mbuna ndi zandewu, koma zikaiputa zimakumana ndi minga, zimasiya zokha. Mingayo ndi imene inandiliza tsiku loyamba: inakodwa mu kaukonde mpaka ndinachita kudula ndi sizasi. Pano ndimaitunga ndi kapu.

Muunjike miyala yambiri kuti aliyense akhale ndi phanga lake. Zoti nkholokolo izingodya zotsalira ndi nkhanza, ine ndimaiponyera chakudya chomira ndikathimitsa nyale. Ana okha samalani. Mbuna yaikazi imasunga mazira mkamwa pafupifupi masabata atatu, koma ikangolavula tiana, nkholokolo nayo siyang'ana kumbali.

China, Mzuzu si Nkhata Bay. Juni ndi Julaye popanda hita nsomba zonsezi zimafooka. Yanga ndimaika pa madigiri 25, magetsi akazima usiku thanki ndimaifunditsa bulangete ngati mwana.

Wa ku Chibavi:
Zikomo nonse, ndamva. Mlamba uja ali m'chidebe, pamwamba ndatsikizira njerwa. Ndimati Loweruka ndimubweze kwa mlamu, koma mayi akunyumba akuti thiransipoti ya ku Ekwendeni n'kuwononga ndalama pamene tomato ndi anyezi zilipo kale.