Bambo akunyumba akukana kukayezetsa, akuti umuna amatulutsa wambiri

Wofunsa (dzina labisidwa):
A Admin ndibisireni dzina chonde. Takhala m'banja zaka 2 ndi miyezi 4, sitinagwiritsepo njira yolera koma mimba ayi. Ine anandiunika kuchipatala, akuti chiberekero ndi machubu zili bwino, kumwezi ndimapitanso mwezi ndi mwezi. Adokotala anati bambo nawonso akayezedwe. Iwo akukanitsitsa, akuti wosabereka ndi amene chida sichidzuka kapena satulutsa kanthu, pomwe iwo umuna wawo ndi wambiri komanso wolimba. Kuchimuna ayamba kale kundinena. Odziwa za thupi ndithandizeni, kodi mwamuna angatulutse umuna koma osapereka mimba? Nanga kuyezako kumayenda bwanji?

Wa zachipatala:
Pepani mayi. Inde zimatheka, ndipo n'zofala: pafupifupi theka la mabanja osowa mwana, vuto limakhudzanso mwamuna. Bambowo akuphatikiza zinthu zitatu zosiyana. Kudzuka kwa chida ndi magazi odzaza m'menemo. Umuna ndi madzi. Mbewu ndi tinthu tamoyo tosambira m'madziwo, tosaoneka ndi maso, ndipo sitikwana magawo 5 pa 100 a zomwe zimatuluka.

Mbewu zimapangidwa m'machende, ndipo imodzi imatenga miyezi iwiri ndi theka pafupifupi kuti iumbike. Ikatero imalowa m'kachubu kopindikapindika komwe kali kuseri kwa tchende lililonse, kotchedwa epididymis. Kachubuka mutakatambasula kangatalike mamita 6, koma n'kopyapyala kwambiri moti kabala kakang'ono kangathe kukatseka. M'menemo mbewu imakhwima n'kuyamba kutha kusambira. Kuchoka apo imakwera ndi mtsempha wa vas deferens, kudutsa m'mphechepeche mpaka kuseri kwa chikhodzodzo. Apa mpomwe pagona nkhani yanu. Madzi ambiri a umuna amachokera kumtunda kumeneku: timatumba tiwiri totchedwa seminal vesicles timapereka pafupifupi magawo awiri mwa atatu, prostate yomwe ili pansi pa chikhodzodzo n'kuwonjezera ena. Ndiye njira ikatsekeka m'munsi, madzi amatulukabe ochuluka ndi maonekedwe omwewo, koma opanda mbewu. Abambo amene anatseketsa kubereka amatulutsa umuna monga kale pa chifukwa chomwechi.

Wa ku labu:
Kuyeza kwake kulibe jakisoni, kulibe kuvula pamaso pa munthu. Auzeni zimenezi, chifukwa abambo ambiri chimawabweza ndi manyazi. Adikire masiku 2 mpaka 7 osagonana kapena kutulutsa umuna mwanjira ina iliyonse. Amapatsidwa kabotolo koyera, n'kuthiramo wonse. Madontho oyambirira ndi amene amakhala ndi mbewu zambiri, akatayika anene poyera, apo ayi zotsatira zidzanama. Asatengere m'kondomu wamba, mafuta ake amafooketsa mbewu. Ngati atengera kunyumba, kabotoloko akasunge m'thumba la malaya pafupi ndi thupi, osati m'firiji kapena padzuwa, ndipo kafike ku labu ola lisanathe.

Malire a m'munsi omwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2021 ndi awa: umuna mamililita 1.4, mbewu 16 miliyoni pa mililita iliyonse kapena 39 miliyoni zonse pamodzi, zoyenda chakutsogolo 30 pa 100, zooneka bwino 4 pa 100. Kutsikirako pang'ono sikutanthauza kuti sangabereke. Komanso musaweruze ndi pepala limodzi. Malungo otentha thupi kwambiri amagwetsa chiwerengero kwa masabata angapo, n'chifukwa chake zikatuluka zoipa amabwerezanso pakatha miyezi itatu, mbewu zatsopano zitapangidwa.

Namwino:
Ndiwonjezere zomwe adokotala akawafunse, kuti apite atakonzeka. Kodi anadwalapo chinzonono kapena kutuluka mafinya pokodza n'kuchedwa kulandira mankhwala? Matendawa amasiya zipsera mu epididymis muja. Kodi anadwala matsagwidi atatha msinkhu, machende n'kutupa? Kodi machende onse awiri anatsika ali khanda? Anachitidwapo opaleshoni m'mphechepeche?

Chimene chimaiwalika kwambiri kuno kwathu ndi likodzo. Amene anakulira kapena amasamba m'mbali mwa nyanja monga ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, kapena m'madambo a mpunga, mazira a nyongolotsi za likodzo amatha kukhazikika mu prostate ndi m'timatumba ta umuna tija. Zizindikiro zake ndi magazi mu umuna kapena kumva kuwawa potulutsa. Mankhwala ake ndi praziquantel. Wodwala shuga kwa nthawi yaitali, umuna umatha kubwerera m'chikhodzodzo, mkodzo woyamba akatha kugonana n'kumaoneka wotuwa.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri, ndawerenga kawiri. Panopa akungotafuna gondolosi, ndipo mnzawo wa ku jimu akuwauza za jakisoni wa mahomoni achimuna otchedwa testosterone. Kodi zingathandize?

Wa zachipatala:
Jakisoniyo asayerekeze, ndikupemphani. Ubongo ukaona kuti testosterone wachuluka m'magazi umasiya kutumiza mahomoni olamula machende kugwira ntchito, mbewu zimatsika mpaka kutheratu, ndipo kuti zibwerere pamatenga miyezi yambiri atasiya. Gondolosi anthu amamutafunira chilakolako, koma sangatsegule mtsempha wotsekeka.

Chomwe angachite lero lomwe: akatha kusamba madzi ofunda, aime chilili n'kugwiragwira thumba la machende, makamaka kumanzere. Akamva ngati mulu wa nyongolotsi pamwamba pa tchende, womwe umaphwa akagona chagada, imeneyo ndi mitsempha ya magazi yotupa, varicocele. Imapezeka mwa amuna pafupifupi 15 pa 100 alionse. Magazi odikha m'mitsemphayo amatenthetsa tchende, pomwe mbewu zimafuna malo ozizirirapo ndi madigiri 2 kapena 3 poyerekeza ndi thupi lonse, n'chifukwa chake machende ali kunja. Imeneyi imakonzeka ndi opaleshoni yaing'ono. Akapeza chotupa cholimba chosapweteka pa tchende lenilenilo, asadikire nkhani ya mwana, apite sabata yomweyo. Fodya, chamba ndi mowa wambiri asiye, ndipo kusintha kwake adzakuona pa kuyeza kwa pakatha miyezi itatu. Tsiku lokaonana ndi adokotala mupite nonse awiri, mutatenga mabuku anu a kuchipatala.