Makina oyeretsa mpweya a titanium dioxide, ndigule kapena ndisiye?

Nangozo: Abale ndithandizeni nzeru. Mwana wanga ali ndi mphumu, nyengo ya fumbi ino usiku sagona, ndiye aneba nawo madzulo aliwonse akuwotcha zinyalala. M'sitolo ina m'tauni ndaona makina oyeretsa mpweya, akuti mkati muli sefa yopaka titanium dioxide ndi kababu ka UV, amapha majeremusi ndi fungo lomwe. Mtengo wake ndi lendi ya miyezi iwiri. Ndigule?

Achimwene a ku Joni: Gulani achemwali, musachedwe. Anga ndinagula chaka chatha, fungo la kukhitchini linatheratu.

Aphunzitsi: Sayansi yakeyo ndi yoona. Mu 1972 Akira Fujishima ndi Kenichi Honda a ku Japan anasonyeza kuti titanium dioxide ikawombedwa ndi kuwala kwa UV, kuwala kosaoneka ndi maso, imagawa madzi kukhala mipweya iwiri. Pambuyo pake anthu anaona kuti imaphwanyanso mipweya yonunkha ndi tizilombo. Koma ntchito yonseyi imachitikira pamwamba pake pokha, pomwe mpweya wakhudza. N'chifukwa chake ofufuza ali kalikiliki kupanga yokhala ndi timabowo ngati siponji, ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ta nanomita 2 mpaka 50, kuti malo okhudzapo achuluke. Ufa wotchuka wa m'malabu wotchedwa P25, galamu imodzi ili ndi malo pafupifupi masikweya mita 50, pomwe yatimabowo imatha kupitirira 100. Tsono m'labu mpweya amauyendetsa pang'onopang'ono. M'kabokosi ka m'sitolo fani imangoukankha, sukhalitsa pa sefapo.

Nangozo: Iii aphunzitsi, ndiye kuti n'zabodza?

Aphunzitsi: Ayi mayi, fungo amachepetsadi, achimwenewo sakunama. Koma vuto lanu ndi fumbi ndi utsi. Zimenezo titanium dioxide siigwira, m'malo mwake zimaimata n'kutseka timabowo tija.

Anamwino: Ine ndikuti musagule musanafunse zinthu ziwiri. Kodi muli sefa ya HEPA? Imeneyo ndiyo imakola fumbi ndi tizidutswa ta utsi. Nanga babulo silitulutsa mpweya wotchedwa ozone? Mababu ena a UV amatero, ndipo ozone kwa mwana wa mphumu ndi chiphe. Komanso mpweya woipa ukaphwanyidwa mwatheka pamatha kutsala formaldehyde, yomwe imayabwa m'maso ndi pakhosi.

Achimwene a ku Joni: Inu anthu ophunzira mumaopseza. Ine ndili moyo bwanji?

Anamwino: Muli ndi mphumu achimwene?

Achimwene a ku Joni: Ayi.

Mlamu: Kkkk nkhani yatha pamenepo. Komanso ndi kuzimazima kwa magetsi kwathu kuno, babu likazima sefayo ndi chokongoletsa chabe. Chondiseketsa ine, titanium dioxide yomweyo tili nayo pansi ku Kasiya, rutile ija akuikamba pawailesi. Tidzaitumiza kunja ngati mchenga, n'kudzaigula m'kabokosi.

Aphunzitsi: Zoona alamu, ngakhale pa ntchito ya kuwalayi mtundu wa titanium dioxide umene umachita bwino ndi anatase. Rutile yambiri imathera mu penti yoyera.

Anamwino: Chinanso mayi, mbaula isalowe m'nyumba ati poti muli makina. Carbon monoxide, mpweya wakupha wa makala uja, sefa ya HEPA siichotsa.

Nangozo: Zikomo nonse. Mawa ndikafunsa za HEPA ndi ozone, akakayamba kuzungulira ndikabwerako ndi ndalama zanga. Za aneba aja ndikuza amfumu a m'dera.

Achimwene a ku Joni: Mukakasintha maganizo mundiuze, Disembala ndikubwera ndi katundu.