Alipo anayesapo kagalasi koyeza pulesha ya m'maso usiku wonse?

Abale anga pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Bambo anga kumudzi ali ndi glaucoma (matenda owononga mtsempha wa diso, nthawi zambiri chifukwa cha kukwera kwa pulesha ya m'maso) maso onse awiri. Amadontheza mankhwala otsitsa pulesha, timolol m'mawa ndi madzulo, latanoprost pogona, osaphonya. Kuchipatala pulesha imapezeka 16 kapena 17, ndipo amauzidwa kuti ili bwino poti sinadutse 21. Koma kuona kwa m'mbali kukucheperabe, moti ukawadzera chakumanzere amachita kudzidzimuka.

Adokotala akuganiza kuti mwina pulesha imakwera usiku akagona, nthawi yomwe palibe wowayeza. Ndiye mwana wanga wandionetsa pa intaneti kagalasi kotchedwa Triggerfish, kopangidwa ndi kampani ya Sensimed ya ku Switzerland, komwe ku America anakavomereza mu 2016. Kamavalidwa m'diso ngati contact lens kwa maola 24, n'kumatumiza uthenga ku kachipangizo komwe munthu amakoleka pathupi.

Ine ndili ku Joni, ndalama zake ndi za maganyu. Kodi ndiwaitanitse bambo adzayese kuno, ngati kamapezeka? Nanga munthu wa zaka 71 woti sanavalepo kanthu m'diso angagone nako?

Yankho loyamba: Achemwali, ine ndimagwira ntchito kumbali ya maso. Kagalasiko sikachiritsa, sikatsitsa pulesha, komanso sikapereka nambala ngati 17 mukunenayo. Kamangolemba mmene diso likufufumira ndi kuphwa, kuti dokotala aone ola lomwe zinthu zimavuta. Kamavalidwa kamodzi n'kutayidwa, ndipo ambiri diso limafiira akakavula. Musanalipire basi yoti bambo abwere, pemphani kuti bambo ayezedwe kangapo tsiku limodzi, kuyambira m'mamawa mpaka madzulo, ndi makina omwewo a kuchipatala. Ngati kuona kukucheperabe pulesha ili pa 17, ndiye kuti kwa iwowo 17-yo yakwera. Funsani za laser (kuchiza diso ndi kuwala kwamphamvu) kapena opaleshoni ya trabeculectomy (yotsegula kanjira kotulutsira madzi a m'diso kuti pulesha itsike), msanga, chifukwa mtsempha wa diso ukafa subwerera.

Yankho lachiwiri: Mayi, munaonapo ndi maso anu mmene amadonthezera? Agogo anga botolo linkatha bwinobwino, koma mankhwala onse ankathera patsaya. Inunso mukayezetse, matendawa amatsata mtundu, ndipo ife anthu akuda amatigwira msanga.

Wofunsa: Zikomo nonse. Zoonadi amadzithira okha, manja akunjenjemera. Ndauza achimwene apite madzulo ano akawaonerere. Koma laser-yo, kuchipatala cha maso cha Lions ku Blantyre kapena kuchipatala cha Nkhoma amachita? Alipo anapitako ndi kholo lake chaka chino?